Amuna anga akubanika koma kuchipatala akuti TB palibe: kodi ndi fumbi la kuntchito?

"Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 38. Kwa zaka 12 tsopano ntchito yawo ndi yodula ndi kusalaza miyala ya ziliza ndi ya m'makhitchini, ndipo nthawi zina amadulanso matailosi ndi konkire kumene kukumangidwa nyumba. Madzulo amabwera atayera mbuu, tsitsi ndi nsidze zomwe. Chaka chatha anadwala TB, anamwa mankhwala miyezi 6 n'kuuzidwa kuti achira. Koma kutsokomola sikunathe, ndipo masiku ano akakwera kachitunda amaima kaye kuti apume. Tinapitanso kuchipatala, anapima makhololo, akuti TB palibe. Usiku amadandaula kuti makutu akulira, wailesi amaikweza mpaka ana kudandaula. Kuntchito amawapatsa kamasiki kopyapyala kamodzi pa sabata, ndi mkaka, ati umatsuka fumbi. Kodi ndi ntchitoyi ikuwadwalitsa? Asiye? Nanga ine amene ndimakutumula ndi kuchapa zovala zawo, ndi anawa, tili pachiswe?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale pansi kaye. Munthu amene akudzuka m'mawa, kupita kuntchito, n'kumangoima pachitunda, nthawi yochitapo kanthu ikadalipo ndithu. Zoti makhololo sanasonyeze TB ndi nkhani yabwino. Pa kalata pokha sindinganene kuti bambo akudwala chakuti, chifukwa kubanika kuli ndi magwero ambiri. TB yeniyeniyo, ngakhale munthu achire, imatha kusiya zipsera m'mapapo zimene zimamutsokomoletsa kwa zaka. Mphumu imachita zomwezi, mtima wofooka nawonso, kuchepa magazi, komanso fodya ngati amasuta. Koma mwanena zinthu zitatu zimene zikakumana pamodzi, ife a zaumoyo wa pantchito timatchera khutu: zaka zoposa 10 akudula miyala m'fumbi, TB, ndiye befu amene akukulirakulira. Pamenepa matenda oyamba kuwaganizira ndi silicosis, kuuma kwa mapapo kobwera ndi fumbi la miyala. Mwina si amenewo, koma ayenera kufufuzidwa mpaka titsimikize.

Mwina mukudabwa kuti bwanji kuchipatala sanatchulepo. Kawirikawiri n'chifukwa choti palibe amene anafunsa za ntchito. M'chaka cha 1700 dokotala wina wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba za matenda a amisiri osiyanasiyana, osema miyala ali m'gulu lomwelo, n'kulangiza madokotala anzake kuti pa mafunso amene amafunsa wodwala aziwonjezerapo limodzi: mumagwira ntchito yanji? Padutsa zaka zoposa 300, koma funsoli limaiwalikabe, makamaka pamene dokotala ali yekha ndipo panja pali mzere wautali. Ndiye musadikire kufunsidwa. Nenani nokha, musanakhale n'komwe pansi.

Ndifotokoze zimene fumbili limachita, chifukwa mukazimvetsa, zina zonse zimene ndinene zigwera m'malo mwake. Mu mchenga, m'konkire, m'njerwa ndi m'miyala yambiri muli chinthu chotchedwa silica. Chikakhala m'mwala wosadulidwa chilibe vuto, mutha kugona pamwala moyo wanu wonse. Vuto limayamba grinder, makina odulira ndi kusalazira miyala aja, ikadya mwalawo. Fumbi limene mumaliona pa nsidze za bambo, loyera lija, si limene ndimaliopa kwambiri. Limenelo ndi lalikulu, limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, munthu n'kuyetsemula kapena kulavula. Loopsa ndi limene maso saliona, tizidutswa tochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 a kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mukadzapita kuntchito kwawo, mudzaime pamene kuwala kwa dzuwa kukulowera pa bowo la lata, makina atazima kale. Mudzaona utsiutsi ukuyandama m'kuwalako. Fumbi lotere limatha kukhala m'malere kwa maola, anthu atavula kale mamasiki, akucheza, akuganiza kuti mpweya wayera.

Tizidutswa timeneti timatsika mpaka kumapeto kwenikweni kwa mapapo, m'timatumba tating'onoting'ono mmene mpweya umalowera m'magazi. Kumeneko kuli maselo amene ntchito yawo ndi kumeza zinyalala ndi tizilombo. Akameza silica amalephera kumugaya, amafa, kamwalako n'kutsala pomwepo, ena n'kubwera kudzakameza, nawonso n'kufa. Pamalo pankhondo yosathayi thupi limaumba chipsera. Zipserazo zimayamba ngati timadontho, makamaka kumtunda kwa mapapo, ndipo mwa anthu ena zimadzalumikizana n'kukhala zibuma zazikulu. Papo labwino ndi lofewa ngati siponji. La zipsera limauma, silifutukuka bwino, ndiye munthu amakoka mpweya koma sukwanira.

Kuchuluka kwa silica kumasiyana ndi mtundu wa mwala, n'chifukwa chake muwafunse bambo mayina a miyala imene amadula. Mu marble ndi wochepa kwambiri. Mu granite amakhala cha m'ma gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu sandstone amapitirira 70 pa 100 alionse. Woipitsitsa ndi mwala wochita kupanga kufakitale, wonyezimira uja amayala pamwamba pa makabati a kukhitchini, ena amautcha quartz, umene umatha kukhala ndi silica woposa 90 pa 100. Mwala umenewu wavulaza anyamata a zaka za m'ma 30 m'mayiko angapo, mpaka dziko la Australia linauletseratu kuyambira pa 1 July 2024. Nthawi zambiri silicosis imatenga zaka 10 kapena kuposa isanaonekere. Fumbi likachuluka imabwera pakati pa zaka 5 ndi 10, ndipo likachuluka mopyola muyeso imapha m'miyezi kapena zaka zochepa. Izi zinaoneka ku Hawks Nest, m'chigawo cha West Virginia ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, kumene anthu ankaboola phiri la mwala wodzaza silica popanda madzi, ndipo mazanamazana anafa ntchito itangotha kapena isanathe n'komwe. Kuti muone kuchepa kwa fumbi lokwanira kuvulaza: malamulo a ku America kuyambira 2016 amati mpweya wa pantchito usapitirire mamaikulogalamu 50 a silica pa kiyubiki mita imodzi, poyeza tsiku lonse la maola 8. Maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu. Kudula mwala kouma kumapyola malire amenewa kangapo konse.

Tsopano za TB ija. Ambiri amaona ngati fumbi ndi TB ndi nkhani ziwiri zosiyana, koma zimayendera limodzi. Maselo omwe aja amene silica amawapha ndi amenenso amalimbana ndi kachilombo ka TB. Munthu wa silicosis amadwala TB mosavuta, pafupifupi kuwirikiza katatu poyerekeza ndi mnzake wopanda matendawa, ndipo ngati alinso ndi HIV chiopsezocho chimakwera kwambiri. Ngakhale amene zipsera sizinaonekebe pa X-ray, koma wapuma fumbili zaka zambiri, ali pachiopsezo chokulirapo. Migodi ya golide ya ku South Africa ndi umboni waukulu wa zimenezi. Anthu ochokera m'mayiko ambiri a kumwera kwa Africa anabwerera kwawo ndi zifuwa zosatha, ndipo mu 2018 makampani a migodi anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni za chipukuta misozi kwa odwala silicosis ndi TB, zimene zikuperekedwa kudzera ku Tshiamiso Trust.

Pali msampha wina pano umene ndauona kangapo. Pa X-ray, silicosis ndi TB zimafanana, zonse zimakonda kumtunda kwa mapapo. Ndinaonapo bambo wina woswa miyala amene anamwa mankhwala a TB maulendo atatu, ulendo uliwonse makhololo osasonyeza kanthu, koma chithunzi chikuoneka choipa. Atabwera kwa ife ananyamula zithunzi zake zonse mu envelopu yong'ambika, zina zitamatana ndi chinyezi. Titaziyala motsatana ndi zaka, timadontho tinali tomwe tija, tikungochuluka pang'onopang'ono, mankhwala osasintha kanthu. Nditamufunsa ntchito yake anaseka, amvekere, "Zaka zonsezi ndinu woyamba kufunsa." Msamphawu umagwiranso mbali inayo: munthu akadziwika kuti ali ndi silicosis, kutsokomola kulikonse amangoti ndi fumbi lija, pamene TB yabwereranso. Choncho kupima kamodzi kosasonyeza TB sikutseka nkhani. Akayamba kuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi, apimenso.

Ndiye mupite bwanji kuchipatala? Usiku wa lero khalani pansi ndi bambo, mutenge pepala. Mulembe ntchito zonse zimene agwirapo chiyambire, ngakhale maganyu a ali mnyamata, chaka choyamba ndi chomaliza, mwala kapena chinthu chimene ankadula, maola angati pa tsiku, m'nyumba yotseka kapena panja, ndi madzi kapena kouma, ankavala chiyani kumaso. Mulembenso ngati pali anzawo a kuntchito amene akutsokomola kapena anamwalira ndi chifuwa. Mutenge buku lawo lakuchipatala, khadi la TB ndi X-ray yakale ngati ilipo. Mupemphe X-ray yatsopano ya pachifuwa, ndipo amene akuiwerenga auzidwe za fumbi, chifukwa timadontho ta silicosis yoyambirira n'tosavuta kutiphonya ngati munthu sakutifunafuna. Mupemphenso kuyeza mphamvu ya mapapo, kumene munthu amauzira mwamphamvu m'kachipangizo kotchedwa spirometer. Kumene kuli makina ojambula m'thupi otchedwa CT scan, amaona bwino kuposa X-ray. Ayezetse HIV ngati sanayezetse posachedwa, apimidwe mtima ndi kuchuluka kwa magazi. Ngati chipatala chapafupi chilibe zipangizozi, pemphani kalata yopitira kwa dokotala wa mapapo kapena wa matenda a kuntchito. Kupempha kalata yotere si mwano.

Ndisakubisireni, ngati ndi silicosis, mankhwala ochotsa zipsera kulibe, ndipo matendawa amatha kupitirira pang'onopang'ono ngakhale munthu atachoka pafumbi. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi mankhwala otsuka mapapo akufuna ndalama zanu basi. Koma izi sizikutanthauza kuti palibe chochita. Ndili ndi odwala amene anapezeka msanga, anachoka pafumbi, ndipo patha zaka akuyenda, akugwira ntchito zina, akulera ana awo. Chimene chimasiyanitsa ndi kuleka kuwonjezera fumbi pa limene lilimo kale, kusiya fodya ngati amasuta, kupewa utsi wa mtundu uliwonse, kupimidwa TB kawirikawiri, kulandira katemera wa chimfine ndi wa chibayo kumene akupezeka, ndi kuchiza msanga matenda alionse a m'chifuwa. Adokotala angaonenso ngati mankhwala oteteza ku TB ali oyenera kwa iwo, poganizira kuti anadwalapo kale. Ena amathandizidwa ndi mankhwala opopera m'kamwa ngati njira za mpweya zaphinjika. Ndipo asagone pansi poopa befu. Kuyenda ndawala tsiku lililonse, mpaka pamene akupuma mwamphamvu koma akutha kulankhula, kumalimbitsa minofu kuti mpweya wochepawo uzikwanira.

Mwafunsa ngati asiye ntchito. Yankho langa ndi loti achoke pafumbi, koma asathamangire kulemba kalata yosiya ntchito. Ndaona anthu ambiri akuchoka mokwiya kapena mwamantha, kenako pofuna chipukuta misozi n'kupeza kuti alibe pepala lililonse losonyeza kuti anagwirapo ntchito pamalopo. Ayambe apimidwa, adokotala alembe zimene apeza ndi kuti zikukhudzana ndi ntchito, ndipo musunge makope a zonse pamodzi ndi mapepala a malipiro, kalata yolembedwera ntchito, ngakhale zithunzi za pafoni zosonyeza mmene pamalopo pamakhalira. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma ambiri amazindikira silicosis, silicosis yophatikizana ndi TB, komanso kugontha kobwera ndi phokoso ngati matenda a kuntchito, ndipo onsewa ali pa mndandanda wa bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO umene unakonzedwanso mu 2010. Ofesi ya boma yoona za ntchito kapena bungwe la ogwira ntchito angakuuzeni njira yake, ndipo mufunse msanga chifukwa madandaulo otere amakhala ndi nthawi yake yoperekera. Podikira zotsatira, apemphe kusinthidwa ntchito: kuyeza, kulemba zilembo, kulankhula ndi makasitomala, kuyendetsa katundu, chilichonse chakutali ndi grinder. Kutali kwenikweni, osati pakona ya shedi yomweyo.

Za kamasiki ndi mkaka, pamenepa pokha mundilole ndilankhule mosapsatira. Mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo, njira zake n'zosiyana ndipo sizikumana. Chikhulupiriro chimenechi n'chakale ndipo chili m'mafakitale a mayiko ambiri, owotcherera zitsulo ndi opopera penti amauzidwanso zomwezo. Amwe ngati amaukonda, koma sutsuka kanthu. Chimandipweteka n'choti olemba ntchito ena amaona kuti akapereka mkaka udindo wawo wathera pomwepo.

Kamasiki kopyapyala, kaja timavala m'chipatala kapena kansalu, sikagwira fumbi la silica, chifukwa mpweya umangolowera m'mbali. Mpango womanga pamphuno ndiye kulibe n'komwe. Yofunika ndi masiki yolembedwa FFP3, kapena ija ya labala yokhala ndi zosefera za P3 kapena P100. N95 ndi FFP2 zimathandiza pamene fumbi ndi lochepa, koma podula mwala tsiku lonse sizikwanira. Ndipo masiki yabwino imagwira ntchito pokhapokha itamatirira kunkhope. Ndevu, ngakhale za masiku awiri, zimatsegula mpata. Poyesa, munthu atseke zosefera ndi zikhatho n'kukoka mpweya: masiki iyenera kukokeka n'kumamatira kunkhope, ikapanda kutero ndiye kuti ikudontha. Mukavula madzulo n'kupeza mizere ya fumbi m'mbali mwa mphuno, dziwani kuti tsiku lonse munkapuma fumbi. Yotaya ikatha tsiku itayidwe, osati sabata yathunthu ikugonera m'thumba la ovolo.

Komabe masiki ndi chitetezo chomaliza, ndipo malo antchito amene akudalira masiki yokha alephera kale. Fumbi liyenera kuphedwa pamene likubadwira. Njira yotsika mtengo kwambiri ndi madzi othira pa mpeni wa makina nthawi yonse imene ukudula, osati kungonyowetsa mwala poyamba, ndipo zimenezi zimachepetsa fumbi kwambiri. Pafunika makina opangidwira kudula ndi madzi komanso magetsi otetezedwa bwino, kuopa kuti pothawa fumbi munthu angagwidwe ndi magetsi. Njira ina ndi makina okoka fumbi olumikizidwa pa grinder pomwepo. Matope otsala achotsedwe asanaume, chifukwa akauma amasandukanso fumbi lomwe lija. Kusesa kouma ndi tsache kulekeke. Ndipo chizolowezi chodzipemerera ndi mpweya wa kompuresa poweruka, chimene amisiri amachikonda kwambiri, n'choipa zedi: fumbi lonse la m'zovala limakwera n'kuzungulira pamphuno pomwepo, masiki atavula. Bambo asapite okha kwa abwana ndi nkhani imeneyi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anzawo onse pamalopo akupuma mpweya womwewo, nawonso ayenera kujambulidwa.

Makutu aja ndi matenda achiwiri ochokera pa makina omwewo. Phokoso timaliyeza m'madesibelo. Pa 85, munthu akhoza kukhala maola 8. Powonjezera atatu okha nthawiyo imadulidwa pakati: pa 88 maola 4, pa 91 maola awiri, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Grinder ikamadya mwala imafika cha m'ma 100 momwemo. Popanda choyezera, muyeso wake ndi uwu: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mungamukhudze ndi dzanja akumveni, phokosolo likuwononga. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tiubweya, tikafa sitimeranso. Toyamba kufa ndi tomva mawu okwera, n'chifukwa chake munthu amamva kuti wina akulankhula koma mawu osawagwira bwino, makamaka pagulu, ndipo amati anthu akung'ung'udza. Kulira kwa makutu ndi chenjezo la zomwezo. Ayezetse makutu kuti padziwike pamene afika, ndipo awaone ngati mulibe phula lotseka, poti limenelo ndi losavuta kuchotsa. Auzenso adokotala ngati pa TB ija anabayidwapo jakisoni, chifukwa mankhwala ena obaya monga streptomycin ndi kanamycin amawononga makutu, ngakhale kuti a miyezi 6 masiku ano amakhala mapiritsi okhaokha. Zimene zatayika sizibwerera, koma zotsalazo zitetezedwe ndi zotsekera m'makutu zenizeni kapena zija zovala ngati mahedifoni. Thonje silithandiza. Muwafunsenso ngati zala zimachita dzanzi kapena kuyera kukazizira, chifukwa kunjenjemera kwa makina ogwira m'manja kumawononga mitsempha ya m'zala.

Za inu ndi ana. Silicosis sipatsirana, simungaitenge pogona chipinda chimodzi kapena kudyera mbale imodzi. TB ndiyo imapatsirana, ndiye ngati inu ndi ana simunapimidwe pamene bambo ankadwala chaka chatha, kapimitseni, makamaka ngati pali mwana wosakwana zaka 5 kapena wina akutsokomola. Fumbi la m'zovala ndi lochepa poyerekeza ndi la kuntchito, moti sindikuyembekezera kuti lakuvulazani, koma kukutumula kuja lekani. Zovala zibwere m'pepala lapulasitiki lomanga, muziviike m'madzi musanazigwedeze, muzichape pazokha. Chabwino koposa n'choti bambo azisintha ndi kusamba konko, asanakumbatire ana. Ndimalimbikira pamenepa chifukwa pa zinthu zina zoopsa za kuntchito, zovala zavulazapo mabanja. Akazi ena a anthu ogwira ntchito ndi asbestos, mwala wa ulusi umene ankausakaniza m'zipangizo zomangira, anadwala khansa ya chikopa chokuta mapapo, yotchedwa mesothelioma, patapita zaka 30 kapena 40, chonsecho kufakitale sanapondeko, ankangochapa maovolo. Ana a anthu ophwasula mabatire a galimoto amapezeka ndi mtovu m'magazi, umene umasokoneza kukula kwa ubongo. Ngati bambo amadulanso malata akale a simenti kapena mapaipi akale pogwetsa nyumba, atchule zimenezo kwa adokotala, chifukwa ambiri mwa amenewo ali ndi asbestos.

Ndikudziwa kuti ena akuwerenga yankho lino si odula miyala, ndiye ndiwagaireko pang'ono. Bungwe la ILO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha ntchito, ndipo mwa amenewa pafupifupi 2.6 miliyoni amafa ndi matenda, osati ngozi. Ngozi imamveka, magazi amaoneka, anthu amathamanga. Matenda amadya ngati chiswe, mtengo kunja uli bwinobwino. Wowotcherera zitsulo amapuma utsi umene mu 2017 bungwe lofufuza za khansa la IARC linauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo akawotcherera chitsulo chokutidwa ndi zinc amatha kumva ngati malungo usiku womwewo, m'mawa n'kupezeka ali bwino. Wopopera penti ya galimoto ndi wophika buledi amene amapuma ufa tsiku lililonse amatha kuyamba mphumu ali wamkulu kale, ndipo wopenta adziwe kuti masiki ya fumbi sigwira nthunzi ya thinner, imafuna zosefera zake. Womanga amene manja ake amang'ambika ndi kuyabwa osapola, kawirikawiri ndi simenti yonyowa. Wopopera mankhwala ophera tizilombo m'munda akamva mutu, malovu kuchuluka, thukuta ndi maso kuona mwachimbuuzi, ndi poizoni ameneyo, si kutopa, athamangire kuchipatala atanyamula botolo lake. Funso lothandiza kwa onsewa ndi ili: kodi ndikapuma masiku angapo kapena ndikapita kutchuthi ndimapezako bwino, ndikabwerera n'kuyambiranso? Ngati ndi choncho, ntchito ikukhudzidwa. Kungoti silicosis, matenda a asbestos ndi kugontha siziyankha funso limeneli, chifukwa sizipepuka ndi tchuthi. Zimenezo zimapezeka msanga pokhapokha munthu atapimidwa asanayambe kumva kanthu.

Kubwerera kwa inu, mayi, kupimitsa kumene ndanenaku kuchitike m'sabata ziwiri zikubwerazi, osadikira kuti mwezi uthe kapena kuti oda imene ali nayo ithe. Koma pali zizindikiro zosafunika kudikira ngakhale kuti kuche: akatsokomola magazi, akamabanika atangokhala kapena akulephera kumaliza chiganizo, milomo kapena zikhadabo zikada, akamva kubaya kwadzidzidzi mbali imodzi ya chifuwa pamodzi ndi befu, kapena thupi likatentha kwambiri. Miyendo ikayamba kutupa, apite m'masiku omwewo, chifukwa mapapo ouma amalemetsa mtima. Amuna ambiri a msinkhu umenewu amakana chipatala poopa kumva zoti ntchito yatha, ndiye mupite nawo limodzi, pepala la mbiri ya ntchito lija mulinyamule inuyo. Zotsatira za X-ray ndi za kuuzira zikatuluka, mundilemberenso mawu enieni amene alembedwa pa lipotilo, osati mwachidule, ndiponso mundiuze mtundu wa mwala umene amadula kwambiri.